Mtsiro, polishi ndi matailosi: mbiri ya pansi pa nyumba kwa Kanduku

Mtsiro supezeka paliponse. M'dera la Inkosi Kanduku, m'boma la Mwanza, mudzi uliwonse uli ndi malo ake odziwika okumbako, kawirikawiri m'mphepete mwa dambo kapena m'khwawa momwe madzi amachedwa kuphwa. Amayi amadziwa kusiyanitsa dothi lakuda lonona, lomata m'zala, ndi lija lamchenga lomwe likauma limangofumbutuka. Amakumba ndi khasu, kusenza m'beseni, kukafika nalo kunyumba n'kuliviika. Tsiku lozira katundu yense amatuluka panja: mphasa, mitsuko, thumba la ufa, mpando wa bambo. Mayi amasesa, amawaza madzi kuti fumbi ligone, kenako amagwada kukona yakutali ndi khomo n'kuyamba kupaka ndi dzanja, uku akubwerera chammbuyo. Dzanjalo limayenda mokhota, mzere wina kukwera pa unzake, mpaka iye atatulukira pakhomo chafutambuyo. Ana amauzidwa kuti asayerekeze kulowa, nkhuku zimapirikitsidwa. Pansi pakayamba kugwira koma pasanaumiretu, amabwerera ndi nkhulungo, mwala wosalala wa kumtsinje, n'kumakulungiza mpaka ming'alu yonse itatsekeka.

Ntchito imeneyi ndi yakale kuposa sopo wa m'sitolo, chikolopa ndi botolo lililonse la mankhwala lomwe likugulitsidwa pa Mwanza lero. Ili ndi nzeru yakeyake, yakuti pansi pa dothi satsukapo, chifukwa madzi ambiri amangopasandutsa matope. Chotayikirapo chimachoka limodzi ndi dothi lomwe chalowamo, apo ayi chimakwiririka ndi mtsiro watsopano. Mwana akakodza kapena kusanza, mayi amathirapo phulusa, kudikira kuti limwe chinyezi, kenako kupala ndi phale kapena khasu n'kukataya kudzala. Msuzi wa ndiwo ukatayika, phulusa lomwelo. Nkhuku ikasiya zitosi, phulusa ndi tsache. Phulusa silinasankhidwe chifukwa chongopezeka pafupi: mphamvu yomwe imafewetsa therere m'chidulo ndi yomweyo imene imadula mafuta ndi kuchepetsa fungo loitana ntchentche. Pamene papalidwa pamatsala kadzenje, ndipo timaenje tikachuluka, kapena denga likadontha n'kukumba pansi, ndiye kuti nthawi yozira yakwana. Banga silikhalitsa m'nyumba yotere, poti pansi ponse pamavala nkhope yatsopano pakangopita milungu ingapo.

Palinso kuzira kwina komwe sikuyembekezera ming'alu. Khrisimasi ikayandikira, kukakhala chinkhoswe, kapena akamayembekezeka alendo ochokera kutali, nyumba imaziridwa mpaka pakhonde, ndipo ena amalemba maluwa m'munsi mwa khoma ndi katondo wofiira kapena dothi loyera. Mayi akamatuluka m'chikuta, nyumba imasesedwa ndi kuziridwa. Maliro akatha, chimodzimodzi. Mwamuna ndiye amamanga ndi kufolera, koma pansi ndi pa mkazi, ndipo mtsikana amaphunzira ntchitoyi akadali wamng'ono, poyamba pongopatsidwa khonde kapena khitchini. Apongozi akalowa m'nyumba ya mtengwa sasowa kufunsa zambiri. Maso amangogwa pansi.

Ufumu wa Kanduku ndi wa Angoni a kwa Maseko, omwe mtsogoleri wawo wamkulu ndi Inkosi ya Makhosi Gomani ya ku Ntcheu. Makolo awo anachoka kummwera kwa Africa pa nthawi ya nkhondo za m'masiku a Shaka, anawoloka Zambezi, anakafika ku Songea m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, n'kubwerera kudzakhazikika cha ku phiri la Domwe m'zaka za m'ma 1870. Kumene anachokerako luso lokonza pansi linali lapamwamba zedi. Azulu ndi Aswazi ankatenga dothi la pachulu, lomwe chiswe chalisefa kale n'kulimata ndi malovu ake, kulisinja, kulitsendera ndi miyala, ndipo pamwamba pake ankazira ndi ndowe ya ng'ombe. Umboni wake ulipo mpaka lero ku uMgungundlovu, likulu la mfumu Dingane, lomwe linatenthedwa kumapeto kwa 1838. Moto wa udzu ndi mitengo unawotcha pansi pa nyumbazo n'kupasandutsa njerwa, mwakuti akatswiri ofukula zakale anadzapeza mabwalo osalala, malo osonkhapo moto ndi maenje a nsanamira zili m'malo mwake patapita zaka zoposa 100.

Ndowe ili ndi ubwino wake: ulusi wa udzu womwe ng'ombe yagaya umamanga dothi kuti lisang'ambike, ndipo ikauma fungo limatha. Koma ng'ombe si za banja lililonse, ndipo Angoni atakwatirana ndi eni nthaka omwe anawapeza, natenga chiyankhulo chawo ndi miyambo yawo yambiri, mtsiro wa kudambo ndiwo unakhala chozirira cha anthu ambiri.

Amene amayesa kuzira ngati kukongoletsa chabe sadziwa zomwe zimakhala m'ming'alu. Nkhufi zimabisala m'menemo masana n'kutuluka usiku kudzayamwa magazi a ogona pamphasa. David Livingstone, yemwe anafika ku Tete mu 1856, analemba m'buku lake la 1857 kuti Apwitikizi a m'chigwa cha Zambezi anamuchenjeza kuti munthu akalumidwa ndi kachilomboka amadwala malungo oopsa. Panapita zaka pafupifupi 50 madokotala asanatsimikize zimenezi, ndipo mmodzi wa omwe anatsimikiza, Joseph Everett Dutton, anamwalira ku Congo mu 1905 atadwala nthenda yomwe ankafufuzayo. Matekenya nawo anabwera mochedwa. Kwawo ndi ku South America, ndipo mbiri imati anatsika m'sitima yochokera ku Brazil pa doko la Ambriz ku Angola mu 1872, nafalikira m'mapazi a anthu apaulendo mpaka kufika m'dera la nyanja ya Malawi m'zaka za m'ma 1890. Mazira ake amaswa m'fumbi louma la m'nyumba, momwenso mumaswera utitiri. Choncho mayi wowaza madzi, wotseka ming'alu ndi kukulungiza pansi ankatchinjiriza ana ake ku matenda, ngakhale panalibe chipatala chomuuza kutero. Luso limeneli liyenera ulemu woposa umene limalandira masiku ano.

Kusintha kunadzera pamsewu. Boma la atsamunda litakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, amuna anayamba kuchoka kukasaka ndalama, ndipo njira imodzi yaikulu yopita ku Southern Rhodesia inkadutsa pa Mwanza pomwepa, kulowa ku Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kuloza ku Salisbury. Ena anapita kumigodi kudzera ku Wenela, ena kuminda ya fodya, koma ambiri analembedwa ntchito za m'nyumba za azungu ku Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg, kumene anthu a ku Nyasaland ankadziwika monga ophika ndi osamala m'nyumba odalirika. Kumeneko mwamuna yemwe kwawo sakanagwira mtsiro ngakhale tsiku limodzi ankadzuka mbandakucha, kugwada pakhonde la simenti yofiira, kupaka polishi ndi kansalu, n'kupukuta ndi bulashi mpaka bwana aone nkhope yake pansi. Mayina a polishi monga Cobra ndi Sunbeam analowa m'makutu a anthu kudzera mwa amuna amenewa. Mwa katundu yemwe ankabwera naye, pambali pa njinga, bulangete ndi sutukesi, munalinso chithunzi cha m'mutu cha nyumba yoyenera munthu wobwera kuchokera kunja: yamakona anayi, ya malata, ya simenti pansi.

Simenti yomwe tikuidziwayi inalembetsedwa ndi Joseph Aspdin wa ku Leeds mu 1824, koma kuno kwa zaka zambiri inkachita kuitanitsidwa kunja, ndipo inkaoneka m'mamishoni, m'maofesi a boma ndi m'masitolo a amwenye mokha. Fakitale ya simenti itatsegulidwa ku Blantyre m'zaka za m'ma 1950, n'kuyamba kugwiritsa ntchito miyala ya laimu ya ku Changalume pafupi ndi Zomba, m'pamene mphunzitsi, kalaliki wa boma kapena mtchona wobwera ndi kangachepe anayamba kuikwanitsa. Mmisiri ankayala zibenthu za njerwa, kuthira simenti yosakaniza ndi mchenga, ndipo pamwamba ankawaza simenti youma yosakaniza ndi utoto wofiira kapena wakuda, n'kusalaza ndi chitsulo mpaka paterera.

Pansi pa simenti panabwera ndi malamulo ake, ndipo amayi anawaphunzira mwa kulakwitsa. Simenti imaoneka yolimba koma ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndiye imamwa. Mafuta ophikira kapena parafini wa m'koloboyi akatayikira pamalo opanda polishi amalowa mkati, ndipo khasu silingapalepo. Apa phulusa linapezanso ntchito: kulithira msanga, kapena madeya ngati alipo, kusiya usiku wonse kuti zikoke mafutawo, m'mawa kusesa n'kutsuka ndi madzi otentha a sopo. Chinthu chinanso chomwe anthu a ku Mwanza amachidziwa kuposa a maboma ena ndi zipatso zowawasa. Boma lino ndi kwawo kwa manachesi, ndipo m'miyezi yozizira, pamene madengu amadzaza m'mbali mwa msewu, ana amasenda ndi kudyera pakhonde. Madzi a manachesi ndi mandimu ali ndi asidi yemwe amadya laimu wa mu simenti. Akagona pansi amasiya banga lotuwa, lokhakhala, losachoka ndi sopo aliyense, chifukwa si litsiro koma simenti yeniyeniyo yadyeka.

Polishi ndiye anali yankho. Phula lake limatseka timabowo tija, kotero chotayika chimayandama pamwamba mpaka wina abwere ndi chikolopa. Koma chitini cha m'sitolo sichinali cha mwezi uliwonse, ndipo amayi anapeza njira yawo. Amatenga makandulo kapena tizidutswa totsala, kusungunula m'chitini pambaula, kuphula, n'kuthiramo parafini uku akutakasa ndi kamtengo. Ofuna mtundu amawonjezera utoto wofiira wa ufa womwe amisiri amagwiritsa ntchito. Zikazizira zimagwirana n'kukhala phala lofewa. Loweruka m'mawa mipando imakankhidwira kukhoma, mtsikana amagwada n'kumapaka pang'onopang'ono, fungo la parafini kudzaza nyumba yonse. Parafiniyo akauluka phula limatsala, ndipo ntchito yowalitsa imayamba: bulashi pansi pa phazi limodzi, manja m'chiuno, thupi likuyenda uku ndi uku, kenako ana aang'ono amakhazikidwa pa chiguduli kapena bulangete lakale n'kumakokedwa kuchokera kukhomo mpaka kuchipinda. Mlendo wokhala pakhonde lotere ankanyamuka ndi chizindikiro chofiira kumbuyo kwa thalauza, ndipo mawondo a mwana wokwawa ankakhala ofiira sabata yonse. Ngozi yake ndi yeniyeni: wothira parafini chitini chikadali pamoto akhoza kupsa nkhope ndi manja, ngakhale kutentha nyumba.

Tikaonetsetsa, polishi anali m'bale wake wa mtsiro. Naye ankaphimba. Sabata iliyonse phula latsopano linkakwera pa lakale, limodzi ndi fumbi lomwe silinaseseke bwino, mpaka m'makona mumachita chikhakha chakuda chofuna parafini ndi waya wotsukira mapoto kuti chichoke. N'chifukwa chake amayi omwe anakulira pa kuzira sanavutike kumulandira: kugwada kunali komweko, kuyambira kukona kutulukira pakhomo kunali komweko, ndiponso kunyadira pansi powala kunali komweko.

M'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, ukhondo wa pakhomo unasanduka nkhani ya boma. Iye ankabwerezabwereza pamisonkhano kuti anthu ake ayenera kukhala ndi chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba zosadontha. Alangizi a chitukuko ophunzitsidwa ku Magomero ndi amayi ophunzitsa ntchito za pakhomo ankayenda m'midzi kulangiza za thandala la mbale, dzenje la zinyalala, chimbudzi ndi nyumba yozira bwino. M'masukulu a makalasi opanda simenti, atsikana ankatumidwa mtsiro Lachisanu, anyamata akutchetcha panja. Kumene kunali simenti, ankatumidwa madzi ndi zikolopa. Taonani kuti pa zinthu zitatu zija, denga ndilo linatchulidwa. Pansi sipanalowe m'mawu a ndale, ndipo mpaka lero banja likapeza ndalama limayamba lagula malata.

Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inafika pakhomo penipeni pa anthu a kwa Kanduku. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 dziko la Malawi linkasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ena anakhala m'misasa ya Chifunga ndi Luwani, yomwe nthawi imeneyo inali m'boma la Mwanza, Neno isanakhale boma palokha mu 2003. Magalimoto opita ku Zimbabwe ankadutsa m'chigawo cha Tete mochita kuperekezedwa ndi asilikali. Mtendere utasainidwa ku Rome mu October 1992, msewu unatseguka, ndipo chipata cha Mwanza chinakhala chimodzi mwa zipata zotanganidwa kwambiri m'dziko muno. Mabasi a ku Joni anayamba kudutsa atasenza katundu mpaka pamwamba, ndipo m'badwo watsopano wa achinyamata, amuna ndi akazi omwe, unatsata mapazi a agogo awo kukagwira ntchito m'nyumba za ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Kumeneko sanapeze khonde lofiira, anapeza matailosi. Njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala, yomwe inayamba kumangidwa mu 2012 n'kudutsa m'boma lino, inabweretsanso malipiro, malo ogona alendo ndi nyumba za lendi. Matailosi ochokera ku China, South Africa, Tanzania ndi Zambia anadzaza m'masitolo a zomangira, ndipo lero nyumba ya munthu wa ku Joni imadziwika ndi pabalaza poyera mbee.

Tailosi ndi dongo lowotchedwa pa moto waukulu, lokutidwa pamwamba ndi galasi lopyapyala. Galasilo silimwa kanthu, ndipo apa m'pamene mbiri yonse ikutembenukira. Kwa nthawi yoyamba, chotayika sichingapalidwe, sichingakwiriridwe, sichingaphimbidwe. Chiyenera kuchotsedwa ndithu, ndipo chikatsala chimaonekera kwa aliyense wolowa. Komabe pakati pa tailosi ndi linzake pali kamzere ka simenti yotsekera mipata, ndipo kamzereko kamamwa monga simenti ina iliyonse. Mavuto ambiri a matailosi amakhala m'timizere timeneti. Tiyi, msuzi wa nyama, mkodzo wa mwana ndi matope ofiira a dzinja zimachoka mosavuta pagalasi, koma chikolopa chimazikankhira m'timizere momwe zimakhazikika, mpaka nyumba yomwe inayalidwa ndi mizere yoyera imakhala ndi mizere yakuda chaka chisanathe.

Banga loyamba limasiyidwa ndi mmisiri mwiniwake. Akamaliza kutseka mipata, pamwamba pa matailosi pamatsala utsi wotuwa wa simenti, womwe ukapukutidwa tsiku lomwelo ndi siponji yonyowa umachoka wonse. Ukasiyidwa masiku angapo umauma gwa, ndipo ambiri amathamangira asidi wamphamvu wa m'masitolo a zomangira. Asidiyo amachotsadi simentiyo, koma akathiridwa wosasungunula, kapena akasiyidwa nthawi yaitali, amadyanso simenti ya m'mizere, amawononga zitsulo za pakhomo ndi mipope, ndipo nthunzi yake imapweteka maso ndi chifuwa. Amisiri odziwa ntchito amayamba anyowetsa pansi ndi madzi kuti mizere ikhute, amasungunula asidiyo pothira iyeyo m'madzi, osati madzi mwa iye, amatsegula mawindo, amagwira kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, n'kutsukuluza ndi madzi ambiri.

Zolakwika zina zimachokera ku zizolowezi za pansi pakale. Wina amapaka polishi pa matailosi poganiza kuti awale, koma phula lilibe polowa, ndiye limangokhala pamwamba, kukola fumbi ndi kuterera, ndipo agogo kapena mayi woyembekezera akhoza kugwa n'kuthyoka. Wina amakwecha banga ndi mchenga kapena waya monga amachitira ndi mphika, galasi n'kukandika, ndipo m'mikwingwirima imeneyo litsiro limakhala mpaka kalekale. Wina amathira sopo wa ufa wambiri poganiza kuti thovu ndiye ukhondo, koma sopo wosatsukuluzika amauma n'kusiya pansi pomata, moti mapazi a mwana woyamba kudutsa amalembeka onse. Mchenga wobwera ndi nsapato nawo umakanda galasi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake kusesa kuyenera kutsogola chikolopa chisanafike, ndipo mulu wa nsapato pakhomo la nyumba ya matailosi suli wa ulemu wokha.

Chodabwitsa n'chakuti mandimu, omwe ndi mdani wa simenti, pa matailosi ndi bwenzi. Dzimbiri losiyidwa ndi miyendo ya mbaula, bedi lachitsulo kapena chitini limasungunuka likathiridwa madzi a ndimu ndi mchere pang'ono, bola atsukuluzidwe asanagone m'mizere. Zoyera zokhakhala zomwe madzi a pamjigo wamchere amasiya m'bafa zimachokanso ndi ndimu kapena viniga wosungunula. Magazi amafuna madzi ozizira, chifukwa otentha amawaumitsa. Phula la kandulo limadikiridwa kuti liume, n'kupalidwa ndi chinthu cha pulasitiki. Utomoni wa mango kapena wa nthochi umafewa ndi kadontho ka mafuta ophikira kapena parafini, kenako sopo. Mizere yakuda imafuna mswachi wakale ndi phala la soda, kapena Jik wosungunula ngati yachita nkhungu. Koma pali lamulo limodzi losayenera kuphwanyidwa: Jik ndi mankhwala ena onse a klorini sasakanizidwa ndi asidi, viniga, ndimu kapena mankhwala okhala ndi amoniya. Zikakumana zimatulutsa mpweya wapoizoni, ndipo m'bafa laling'ono lotseka chitseko munthu akhoza kukomoka.

Zonsezi zimafuna madzi, ndipo madzi ku midzi yambiri ya kwa Kanduku amabwera pamutu. Kukolopa bwino kumafuna ndowa ziwiri, ya sopo ndi yotsukuluzira, komanso kusintha madziwo akada. M'miyezi ya October ndi November, pamene fumbi limalowa ngakhale mawindo ali otseka, matailosi oyera amafuna chikolopa m'mawa ndi madzulo. Amene anatumiza ndalama zogulira matailosiwo ali ku Joni. Amene amapita kumjigo ndi mlongo wake, mkazi wake kapena kamtsikana kantchito, ndipo nthawi zambiri yemweyo ndi amene amaziranso khitchini ya panja ndi kupaka polishi m'zipinda zogona zomwe ndalama ya matailosi sinafikeko. Pakhomo limodzi pamakhala mitundu itatu ya pansi, ndipo manja ake ndi amodzimodzi.

Kusiyana kwa mitunduyi kumaonekera poyera pa nthawi ya kolera. Matendawa analowa m'Malawi koyamba mu 1973, ndipo anthu omwe analembedwa nthawi imeneyo kuti athandize kulimbana nawo anali m'gulu la omwe anayambitsa ntchito ya alangizi a zaumoyo omwe tili nawo m'midzi lero. Mliri womwe unayamba mu March 2022 unafika m'maboma onse, unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo namondwe wa Freddy, yemwe mu March 2023 anachititsa kuti Mwanza ikhale m'gulu la maboma ogwidwa ndi ngozi, anagwetsa zimbudzi ndi kunyowetsa nyumba. Malangizo a zaumoyo pa kolera ndi omveka: klorini wa mphamvu ya 2 peresenti pa masanzi ndi chimbudzi cha wodwala, 0.2 peresenti pokolopa pansi ndi kutsuka zogonera, 0.05 peresenti posamba m'manja. Pa simenti ndi matailosi zimenezi zimatheka, bola litsiro liyambe lachotsedwa, chifukwa klorini amatha mphamvu akakumana ndi zonyansa zambiri. Pa dothi, madzi a wodwala amalowa pansi mankhwala asanafike, ndipo chomwe chimatsala ndi njira yakale ija: kuthira mankhwala, kupala dothi lonse lonyowa, kukalikwirira kutali ndi madzi akumwa, n'kuziranso. Apa mtsiro, ndi ulemu wake wonse, umaperewera.

Kafukufuku wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi nyumba zitatu mwa zinayi zilizonse m'Malawi zinali za dothi pansi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chokwera kuposa apo. Mayiko ena anayesapo kuona phindu la kusintha pansi pokha. Ku Mexico, m'chigawo cha Coahuila, boma linayamba mu 2000 ntchito yotchedwa Piso Firme, yothira simenti m'nyumba za anthu osauka. Ofufuza omwe anafalitsa zotsatira zake mu 2009 anapeza kuti kuchotseratu dothi m'nyumba kunachepetsa tizilombo ta m'mimba mwa ana aang'ono ndi 78 peresenti, kutsekula m'mimba ndi 49 peresenti, ndiponso kuchepa kwa magazi ndi 81 peresenti. Amayi a m'nyumbazo ananenanso kuti nkhawa zawo zinachepa. Ku Rwanda, bungwe la EarthEnable, lomwe linayamba mu 2014, linatenga njira yoyandikana ndi ya makolo athu: dothi losankhidwa bwino, lotsenderedwa, losalazidwa, kenako lopakidwa mafuta omwe akauma amalimba n'kutseka pamwamba, mwakuti pansi pa dothi pamatheka kukolopa. Mayi aliyense wa kwa Kanduku wodziwa nkhulungo angaizindikire ntchito imeneyo.

Kuno ndondomeko ya boma ya malata ndi simenti zotsika mtengo, yomwe inayamba mu ulamuliro wa Peter Mutharika, inafikira mabanja owerengeka m'dera lililonse, ndipo ambiri amamangabe ndi thukuta lawo, pang'onopang'ono, malinga ndi mmene manachesi, nandolo kapena wachibale wa kunja wabweretsera. Pa kamangidwe kotere, chipinda chomwe mwana amakwawamo ndi kugonamo chiyenera kutsogola pabalaza pofikira alendo. Chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali, choyalidwa zibenthu za njerwa, chimatha ndi matumba atatu kapena anayi a simenti, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi matailosi a pabalaza. Chofunika n'chakuti mmisiri asachulutse mchenga pofuna kupulumutsa thumba limodzi, ndiponso kuti pansipo pazithiridwa madzi kwa masiku 7 pasanayambe kupondedwa. Simenti youma mothamanga imafumbutuka pamwamba, imang'ambika, ndipo m'ming'alu yakeyo utitiri ndi nsikidzi zimapeza pokhala monga zinkachitira m'nyumba yosazira.